Tsiku Loika Mkazi Wanga Ndinamvera Wailesi

Nkhani iyi sindinauzepo munthu wa pamudzi, ngakhale ana anga. Tsiku limene tinaika mkazi wanga m'manda, anthu akadali pabwalo kupepesana, ine ndinazemba n'kupita kuseri kwa khola la mbuzi, kawailesi kali m'thumba la jekete. Ndinakhala pa mtondo wakale wong'aluka, n'kutsegula motsitsa kuti ndimvere za ku Nyumba ya Malamulo. Amene anandiona ndikulowera kumeneko ankayesa ndikukalira pandekha, ndipo ndinawasiya aganize choncho.

Sukulu ndinaiyamba imvi zitatuluka kale. Ubwana wanga unathera kubusa, ku ng'ombe za amalume ku Golomoti. Dzina langa ndinalilemba koyamba pa sukulu ya kwacha ku Mtakataka, kumene ndinakwatira, nditakhala pakati pa amayi oyamwitsa amene ankaseka kagwiridwe kanga ka pensulo. “Si khasu limenelo, madala, muthyola!” Pambuyo pake ndinayamba kubwereka mabuku a zidzukulu zanga, n'kutolako Chingerezi cha apa ndi apo. N'chosakwanira kulankhulira, koma ndimamva pamene munthu akuvomera ndi pamene akukana.

Nyumba ikamakumana, masana ndinkakhala pa shedi ya wokonza njinga m'mbali mwa msewu waukulu, wailesi ili pakhutu. Anyamata a kabaza anandipatsa udindo. “Asipikala, lero akuti chiyani ogonawo?” Ine n'kumawamasulira zimene ndamva, zina n'kumawonjezera mchere.

Phungu wathu anali mayi, kale mphunzitsi wa pulaimale chakufupi ndi Mua. Sanali wa pakamwa. Masabata ankatha osamveka, anyamata n'kumati watsamira mpando wofewa, ndipo masiku ena ndinkagwirizana nawo. Pamene aphungu ankadzikonzera zabwino zawo sindinamumve akutsutsa, anangoti zii ngati anzake onse. Ndalemba zimenezi kuti wina asadzati ndikumuyeretsa. Koma akaimirira ankanena za kuno. Ankafunsa za mlatho wathu umene madzi amaukokolola dzinja lililonse, ana n'kulephera kuwoloka kupita ku sukulu. Anafunsa mobwerezabwereza mpaka aphungu ena akangomva dera lathu likutchulidwa ankayamba okha kukuwa kuti, “Mlatho! Mlatho!” n'kumaseka. Nduna inkayankha mwaulemu kuti boma likudziwa. Ananenaponso za mvuu zimene zinkatithera mpunga, anzake n'kumufunsa ngati akufuna apolisi akazimange.

Chaka chimene mkazi wanga anadwala kunabwera bilu ya malo. Zambiri zinandidutsa, koma chimene ndinagwira n'chakuti madambo ngati lathuli, mmene timalima mpunga chilimire makolo, akanatha kubwereketsedwa kwa anthu a makampani osafunsa mayi aliyense amene ali ndi chigawo chake mmenemo. Boma linali la chipani cha phungu wathu, chomwenso chinali chipani chathu, ndipo akuluakulu anali atalamula kuti onse avomere.

Mkazi wanga atatsikira kulichete, mlongo wake, mlamu wanga, anaimba foni kwa phungu. Mlamu wangayo ndiye mwinimbumba pamudzi paja, komanso tcheyamani wa chipani m'dera lathu. Kuno phungu timamuyesera pa maliro. Za ku Lilongwe amamva ndani? Chimene anthu amaona ndi bokosi, galimoto yonyamula thupi, ndi phunguyo atakhala pansi ndi anamfedwa. Mayi uja anayankha kuti sangachoke, mawa lake kuli kuvota, adzabwera zikatha. Mlamu wanga anadula foni nkhope itatupa.

Asanaganize zochita, panafika lole. Mwini wake anali mkulu wina wa malole wogula mpunga, amene aliyense ankadziwa kuti akufuna mpando wa uphungu. Anatsitsa bokosi lopaka vanishi, la zogwirira zonyezimira, loti ife sitikanalikwanitsa ngakhale titagulitsa mbuzi zonse. Anavula jekete n'kunyamula nawo. Sindinganame, mtima wanga unathokoza, ndipo ukuthokozabe. Mkazi wanga anagonera mphasa moyo wake wonse, koma anapita ngati munthu. Kumanda mlamu wanga polankhula anati, “Ena tinawapatsa voti, ena atipatsa mapewa.” Anthu anang'ung'udza movomereza.

Titabwerako kumanda m'pamene ndinapita kuseri kwa khola kuja. Chimene chinandikoka sindichidziwa bwino. Mwina ndinkafuna kumva chinthu chimene chinaposa maliro a mkazi wanga kuti ndipeze pomudera mayiyo.

Ndinapeza ayamba kale. Kalaliki ankaitana dera limodzi limodzi, phungu wake n'kuyankha ndi pakamwa pake dziko lonse likumva. A mbali ya boma ankangoti yesi, yesi, yesi, ngati madontho a mvula pa lata. Kenako anatchula dera lathu. Panadutsa kanthawi, mpaka ndinagwedeza wailesi kuyesa mabatire atha. Ndiye ndinamva mawu aang'ono aja akuti, “No.” Nyumba inaphulika. Ena ankakuwa, ena kumenya matebulo, sipikala akupempha bata. Kalaliki anaitananso ngati sanamve, kapena ngati akumupatsa mpata wokonza. Mayi uja anabwereza, ulendo uno mokweza. Pomaliza anawerenga, ovomera anachuluka, bilu inadutsa.

Ndinakhalabe pa mtondo paja, ndikupenyetsetsa dzanja langa lamanja. Chifukwa chake si chinsinsi, achikulire onse a ku Golomoti akuchidziwa. Nthawi ya chipani chimodzi tinali ndi mnansi wathu, bambo amene anandiphunzitsa kumanga ng'ombe pa goli. Anakana kugula khadi la chipani chifukwa cha chipembedzo chake. Pa msonkhano anati amene akufuna kuti achoke pamudzi akweze mkono. Ndinayang'ana uku ndi uku, mikono yonse ili m'mwamba, wanga nawo n'kukwera. Nyumba yake inapsa tsiku lomwelo. Anakwera mapiri ndi ana ake kulowera ku Mozambique, osabwereranso. Zaka zonsezi ndinkadzitonthoza kuti mkono wanga umodzi sukanasintha kanthu. Tsono pa wailesi paja ndinamva munthu amene ankadziwa kuti kukana kwake sikusintha kanthu, koma anakana ndithu, kawiri.

Phungu anabweradi patapita masiku, titameta kale. Anafika ndi kagalimoto kake kafumbi, atavala chitenje. Mlamu wanga anati mipando yonse yabwerera kutchalitchi, chonsecho iwiri inali m'nyumba mwake. Amayi a pamudzi anapereka moni wa kumphuno n'kubalalika. Mayi uja anakhala pa mphasa pakhonde langa, miyendo atatambasula.

“Pepani abambo,” anatero. “Ndachedwa, ndipo ndilibe chonena.”

“Zachitika, olemekezeka.” Kenako ndinati, “Ndinakumvani tsiku lija.”

Ananditembenukira. “Tsiku liti?”

“Lovota. Munachedwa kuyankha. Ndinayesa mabatire atha.”

Anaseka, n'kuphimba pakamwa pokumbukira kuti ali pa nyumba ya maliro. “Si mabatire, abambo, anali mawondo. Amene ndinakhala naye pafupi anandiponda phazi dala. Koma inu, tsiku limenelo simunali kumanda?”

“Tinali titabwerako.”

Anayang'ana chakudambo n'kunena kuti, “Musanditamande. Bilu ija yadutsa. Ndipo mlatho uja muiwale, andiuza kale. Mwina ndikanavomera, ana akanawoloka chaka chino. Ndimadzifunsa tsiku ndi tsiku.”

“Nanga munakaniranji?”

“Amayi anga ali ndi chigawo mmenemuja. Ndikanawauza kuti chiyani?”

Anasiya thumba la ufa ndi shuga, napita. Mlamu wanga anabwera kudzasuzumira m'thumbamo. “Ufa pa maliro otha! Akufuna tiphikire mizimu?”

Muyenera kudziwa mmene ndinkakhalira pamudzi paja. Ine ndinali mkamwini. Nyumba ndinamanga ndi manja anga, mitengo ya mango ndinabzala ndine, koma nthaka ndi ya mbumba ya mkazi wanga. Mkazi akamwalira, mkamwini amasudzulidwa n'kubwerera kwawo. Tsiku lometa mlamu wanga anaimirira pamaso pa anthu n'kunena kuti, “Alamu awa akalambira pano, apita kuti? Akhale, chigawo cha mlongo wanga azilima.” Anandichitira chifundo chenicheni. Ndiyenso anandiika mu komiti ya chipani chifukwa chodziwa kulemba, ndiye kuti pa chisankho chachipulula ndinali mmodzi wa ovota.

Chipulula chathu sichikhala cha mapepala. Opikisana amaima pabwalo la sukulu atapereka msana, ovota n'kundanda kumbuyo kwa amene akumufuna. Wopikisanayo saona, koma mudzi wonse umaona.

Miyezi inadutsa. Mayi uja anamuchotsa mu komiti ya ku Nyumba imene ankakhalamo, ndipo akaimirira sipikala ankachedwa kumuona. Anafunsabe za mlatho, koma tsopano panalibe ngakhale womuseka. Dzinja linafika, mlatho unapitanso, makolo n'kumatukwana dzina lake pa doko. Mwini malole uja anatumiza matabwa oti ana aziwolokera. Pa shedi ndikayesa kufotokoza za bilu ija, anyamata ankati, “Asipikala, ayi ameneyo timuphike ndi chiyani?”

Kutatsala tsiku limodzi kuti chipulula chichitike, mlamu wanga anandipeza ndikuwola mpunga umene ndinayanika. Anakhala pa thumba n'kutola njere imodzi, kuiluma.

“Wauma bwino. Alamu, mawa tonse tikudziwa poima, eti?”

Ndinapitiriza kuwola mpunga wanga.

“Ndikumva kuti pa shedi paja mwasanduka loya wa amayi aja.”

“Ndimangonena zimene ndamva pa wailesi, alamu.”

“Wailesi inanyamula mlongo wanga? Wailesi inakumba manda?” Analavula gaga. “Mkazi wanu wagona m'bokosi la ndani?”

“Ndikudziwa.”

“Mukudziwa! Sukulu ya kwacha yomweyi? Mukanafika folomu foo bwenzi tikukugwadirani.” Anaseka, inenso ndinaseka nawo, chifukwa tinali anthu ozolowerana kuyambira unyamata. Kenako nkhope inasintha. “Ine ndinamulonjeza munthu uja kuti mudzi uno ulibe mng'alu. Mukandichititsa manyazi pagulu, mbumba idzandifunsa kuti mlendo ameneyu ukumusungiranji. Ndidzayankha chiyani? Musandiike pamenepo, alamu. Mayi uja wagwa kale. Inu nokha simungamudzutse.”

“Zoona, sindingamudzutse.”

“Basitu. Mukaime pamene paima anthu.”

Ananyamuka, n'kundithandiza kukweza thumba pakhonde asanapite. Sanali munthu woipa. Zonse zimene ananena zinali zoona, ndipo mawu ake omaliza aja ndinali nditawamvapo kale, ndili mnyamata, kwa ine mwini.

Dzuwa lisanalowe ndinapita kumanda, ndinaima patali poti mkamwini salowa yekha m'manda a eni ake. Ndinamuuza mkazi wanga kuti bokosi lija ndi labwino ndipo sindidzaiwala amene analipereka. Ndinamuuzanso kuti chigawo chimene ankapalira ali ndi mwana kumsana, munthu mmodzi yekha wa mbali yathu ndiye anachikanira. Ndinamupempha kuti asandiyese wosayamika.

M'mawa mwake ndinatsegulira mbuzi n'kuzipereka kwa mwana wanga wamkazi, poti ndi za mbumba. Ndinamanga bulangete, khasu, mabuku anga ndi kawailesi pa keliyala ya njinga, kuti mlamu wanga asavutike kufuna mawu ondichotsera. Kiyi wa nyumba ndinamusiya pa chitseko. Mwana wanga anafunsa kuti katunduyo ngwa chiyani, ndinati ndikatha ku sukulu ndipitirira ku Golomoti kwa mlongo wanga.

Pabwalo ndinapeza anthu atandanda kale. Mzere wa mwini malole unafika mpaka ku mjigo n'kukhota. Kumbuyo kwa mayi uja kunali amayi ochepa okalamba ndi mphunzitsi wina wopuma. Mlamu wanga anandikodola, atandisungira malo patsogolo pake. Ndinatsamiritsa njinga pa mtengo. Ndinadutsa pakati pa mizere iwiriyo, wina akukuwa kuti, “Asipikala asochera!” anthu n'kuseka. Ndinafika kumbuyo kwa mphunzitsi uja, ndinavula chipewa kuti owerenga aone bwino nkhope yanga, n'kuima.