Azakhali amafufuta kuyambira pansi

Azakhali anga akolopa pasukulu yophunzitsa zinenero kwa zaka khumi ndi zisanu. Sanakhalepo pabenchi, koma bolodi la m'kalasi ya Chisipanishi amafufuta ndi iwo. Poti ndi aafupi, amayambira pansi n'kumakwera, akuwerenga liwu lililonse asanalifufute. Motero mndandanda wa mneni wa "kukhala nacho" anauloweza chadodolido: tuvieran, tuvierais, tuviéramos, mpaka kukafika pa tuviera.

Tsiku lina mtsikana wina wobwera pagalimoto anaima pabolodi, choko chili m'manja, mndandanda uja atauiwala. Azakhali, chidebe chili pakhomo, anangolakatula mndandanda wonsewo. Kalasi yonse inafa ndi phwete.

"Mayi, timayambira pamwamba," anatero mphunzitsi. "Mukudziwa n'komwe tanthauzo lake? Awa ndi mawu a munthu wolakalaka chimene alibe: ndikanakhala nacho, tikanakhala nacho. Tatsekani chitseko."

Anatseka, n'kupitiriza kukolopa. Atafika kunyumba, akuvula yunifolomu, anandiuza kuti, "Iwe, ana aja amachita kupita kusukulu kukaphunzira kunena kuti ndikanakhala nacho. Ine ndakhala ndikunena zimenezo chibadwire, popanda wondiphunzitsa."