Pini yofiira ya alamu anga

Alamu anga, akulu ake a mkazi wanga, sakhulupirira munthu. Sindikuwanena ayi, eni akenso akudziwa. Mukawauza kuti kunja kukugwa mvula amadzuka pampando kukasuzumira pawindo, inu muli chiimire pomwepo madzi akuchucha m'malaya. Tsiku limene ndinawaimbira foni kuti mng'ono wawo wachira, mwana wamwamuna, anandifunsa kuti, "Mwamuona ndi maso anu kapena mwamva kwa anamwino?" Ku ntchito anawapatsa dzina loti Amwaonadi, moti anzathu ena obwera kumene dzina lawo lenileni salidziwa n'komwe.

Tonse awiri timagwira ntchito ku ofesi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi. Ine ndimayendetsa lole, iwo amakhala pa wailesi yolumikizirana ndi magalimoto ndi maboti, ndipo pampandopo akhalapo zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Kukamabwera namondwe, chipinda chachikulu cha ofesiyo chimadzaza. Pamakhala tebulo lalitali, apa msilikali, apa wapolisi, apo a zaumoyo, a zamisewu, a zanyengo, aliyense ndi foni yake kukhutu, ndipo bwana wamkulu amakhala kumutu kwa tebulo. Pakhoma pali mapu aakulu obayidwa mapini. Pini yofiira ndiye kuti kumaloko kudakali anthu ofunika kuwasamutsa, yobiriwira ndiye kuti tachotsako onse. Kachitini ka mapini obiriwira kamakhala m'thumba la juzi ya alamu anga, ndipo palibe wina amene amakakhudza, ngakhale bwana.

Kuti pini isinthe mtundu, umayamba watuluka thukuta. "Mwafika? Munatsika m'galimoto? Nyumba yomaliza munapezamo chiyani?" Madalaivala tinkadana nazo zimenezi, ndipo ine ndinkapsa mtima kuposa onse, chifukwa chibale sichinkandithandiza kalikonse. Pa wailesi sananditchulepo kuti alamu. Ndinali "lole yachitatu" basi, ngati sitidyera mbale imodzi Lamulungu. Ukadandaula ankangoti, "Kandimverere anakanena za m'maluwa," n'kubwereza funso lomwe lija. Mkazi wanga amati chaka chawo choyamba pa ntchitoyi anabaya pini yobiriwira pongomvera mawu a munthu, ndipo sizinathe bwino. Eni ake sananenepo, ine sindinafunse.

Ali ndi kope lakuda lomanga ndi mphira wa chubu cha njinga. M'miyezi ya dzuwa, anzawo akupuma Loweruka, iwo ankayenda wapansi m'madera otsika, khomo ndi khomo, kulemba anthu amene sangathawe okha: wakhungu, wopuwala, nkhalamba yotsala yokha, mayi woti masiku ake ayandikira. Palibe anawatuma. Eni makomo ankawakayikiranso, ena ankati ndi kazitape wa khonsolo wofuna kuwagwetsera nyumba, ena ankawatsekera chitseko kumaso. Ife tinkaseka, tinkati akumana okhaokha osakhulupirirana.

Namondwe wa chaka chatha a zanyengo anati afika madzulo, koma pofika 10 koloko m'mawa malata anali atayamba kale kuuluka. Ine ananditumiza kumizere ya nyumba ya kuseri kwa fakitale yakale ya sopo. Ndi dera lotsika, mtsinje uli kumbuyo kwake, ndipo njira yolowera ndi imodzi yokha, yodutsa pa kalavati. Maulendo awiri ndinanyamula anthu, mbuzi, matilesi, ndi gogo wina amene anakana kukwera mpaka titamukwezera wailesi yake yakufa. Ndinakawatula kusukulu ya pamtunda. Kunatsala mzere umodzi, womaliza, wa m'mphepete mwa mtsinje.

Ulendo wachitatu ndinapeza madzi akudutsa pamwamba pa kalavati. Ndinawoloka, koma ndinamva lole ikusuntha chammbali, matayala akumbuyo akuyandama. Nditafika pa mtengo wa mango umene uli poyambira mzere womaliza ndinaima, ndinaliza hutala, ndinalizanso, ndinalizanso nthawi yaitali. Zitseko zonse zinali zotseka, palibe anatuluka. Madzi pamenepo anali a m'mawondo. Ndinayang'ana nyumba zisanu ndi zitatu zija, ndinayang'ana kalavati pagalasi, ndinaganiza za ana anga. Ndinatembenuza lole.

"Lole yachitatu," ndinatero pa wailesi nditawoloka. "Kuseri kwa fakitale tachotsa onse."

"Mzere womaliza mwafika?" anafunsa alamu anga.

"Ndafika."

"Munatsika?"

Apa ndi pamene ndinalakwira. Ndikanangoti ayi, nkhani ikanathera pomwepo, akanatumiza boti. Koma pa wailesi ija amamva aliyense, madalaivala onse, asilikali, bwana. Munthu wa zaka makumi asanu ndinene pagulu kuti ndaopa madzi a m'mawondo?

"Ndinatsika."

"Nyumba yomaliza, ya chitseko cha buluu, munapezamo chiyani?"

"Yokhoma. Pali loko."

Ndinkawaona m'maganizo akumasula mphira wa kope lija, akunyowetsa chala ndi malovu.

"Lole yachitatu, nyumba imeneyo muli telala wogontha makutu. Mkazi wake anafa ziwalo mbali imodzi, sadzuka pabedi. Kusukulu sanafike, ndafunsa. Wakhoma loko ndani?"

"Mwina abale awo anawatenga dzulo. Ine ndanena zimene ndaona."

Ndinamva mawu a bwana chapatali, akulankhula mokweza. Boti la injini linali limodzi lokha mbali yathu ino, ndipo kumsika wa kumunsi kunali anthu oposa makumi awiri atakwera padenga la sitolo. Akuluakulu a boma ankaimba foni mphindi iliyonse kufunsa kuti madera angati atha. "Mayi, dalaivala wanena kuti wachotsa onse. Ndi mlamu wanu yemwe. Bayani yobiriwira, boti lipite kumsika."

"Boti mutha kulitumiza, bwana, ndinu akulu," anayankha. "Koma pini sindisintha."

Boti linapita kumsika. Ine ndinakaimika lole pabwalo la sukulu, ndinazimitsa injini, ndinakhala m'menemo mvula ikuwomba galasi. Ndinadziuza kuti munthu wanzeru sangakhale m'nyumba madzi akulowa. Ndinadziuza kuti oyandikana nawo sakanawasiya. Ndinatsika n'kuzungulira m'makalasi monse ngati ndikufuna madzi akumwa, maso ali pa nkhope za anthu. Ndinafunsa mayi wina wa mzere womwewo, amene anathawa yekha m'mamawa. "Atelala? Ife timayesa mwawatenga ndinu a boma," anatero. Ndinabwerera mu lole.

Wailesi inkalira mphindi zisanu zilizonse. Pakati pa kutumiza ambulansi uku, kuuza a magetsi za mawaya ogwa uko, alamu anga ankabwerera kwa ine.

"Lole yachitatu, loko uja anali wamkulu bwanji?"

"Wapakatikati."

Patapita kanthawi: "Lole yachitatu, madzi anakufikani pati mutatsika?"

"M'mawondo."

"Mnzanu wa lole yachiwiri ali pambali panu akuti buluku lanu ndi louma."

Ndinatukwana chamumtima. Mayi ameneyu anali atatuma kale maso ena kuti andiyang'ane miyendo. Ndinakwiya zenizeni, mkwiyo wa munthu wogwidwa, ndipo ndinawauza kuti ngati sandikhulupirira abwere adzayendetse okha lole. Akuti manyazi anapha lambe, ndipo ine ndinakhala nawo manyaziwo mphindi makumi anayi. Ndinaziwerenga pambuyo pake mu buku lawo la mauthenga, chifukwa amalemba nthawi ya mawu alionse.

Kenako wailesi inaliranso, koma mawu anali otsika.

"Alamu."

Zaka zonsezi anali asananditchulepo choncho pa wailesi.

"Alamu, sindikufuna kukuchititsani manyazi. Munthu uja hutala samva. Ngati munangoliza hutala, ali m'nyumba mpaka pano, ndipo madzi akwera kufika m'chiuno. Bwana sangabweze boti chifukwa cha kukayika kwanga. Angalibweze chifukwa cha mawu anu. Munatsika?"

Ndinagwira wailesi ija ndi manja awiri.

"Sindinatsike."

"Zikomo," anatero, ndipo nthawi yomweyo mawu awo anabwerera mwakale. "Boti, boti, mukatsitsa amene mwanyamulawo bwererani kuseri kwa fakitale, mzere womaliza, chitseko cha buluu. Mutenge dalaivala wa lole yachitatu pa kalavati, akulondolereni."

Boti linandipeza pa kalavati, muli asilikali awiri. Mtengo wa mango uja tinaudutsa nthambi zake zikutikwapula kumaso. Nyumba zisanu ndi ziwiri zinalidi zopanda anthu. Pa chitseko cha buluu panalibe loko. Tinachithyola chifukwa madzi ankachikankha kuchokera m'kati.

Telalayo, bambo wamng'ono thupi wa imvi, anali ataimirira pa tebulo lake lodulirapo nsalu, madzi akumufika m'ntchafu. Mkazi wake anam'mangirira kumsana ndi nsalu yaitali yosasoka, mutu wa mayiyo uli paphewa pake. Mmene anamukwezera pamenepo yekha, sindidziwa mpaka lero. Ine ndi amene ndinalumphira m'madzi, ndinawanyamula onse awiri mpaka m'boti. Mayiyo anali wozizira ngati mwala wa mumtsinje, koma ankapuma. Anamwalira tisanafike pa kalavati. Adokotala anati ndi kuzizidwa, anakhalitsa m'madzi. Ndinawafunsa ngati mphindi makumi anayi zija zikanasintha kanthu, ndipo anati sangadziwe.

Ku ntchito anandiimitsa mwezi umodzi, kenako anandibweza chifukwa madalaivala ndi ochepa. Alamu anga sanauze mng'ono wawo kalikonse, ndinamuuza ndekha. Lamulungu ankabwerabe kwathu, ankasewera ndi ana, ankanunkhiza mkaka asanauthire mu tiyi monga mwa masiku onse. Za tsiku lija sanazitchule. Zimenezo zinkandipweteka kuposa akanandilalatira.

Patatha miyezi itatu telala uja anatumiza uthenga ku ofesi kuti akufuna dalaivala amene anamunyamula m'madzi, amusokere shati. Anali atapeza kachipinda kumsika wa pamtunda, ndi makina obwereka. Zimene ndinanena pa wailesi tauni yonse inamva, koma iye sanamve, ndipo palibe analimba mtima kumulembera. Ndinati sindipita.

"Mupita," anatero alamu anga. "Ndikuperekezani."

Iwo anatsala panja, pabenchi. Telalayo anandilandira ndi manja awiri, anandiimika pakati pa chipinda, anayamba kundiyeza mapewa ndi tepi, akulemba manambala pa kapepala ndi pensulo yaifupi. Atandiyeza khosi anaima. Anatembenuza kapepala kaja, analembapo mawu pang'onopang'ono, n'kundipatsa pamodzi ndi pensulo.

Analemba kuti: "Tsiku lija kunabwera lole yoyera. Ndinaiona pawindo. Inaima pa mango, inabwerera. Ndinalephera kumusiya mkazi wanga kuti ndiithamangire. Woyendetsa mukumudziwa?"

Ndinamuyang'ana kumaso kuti ndione ngati akudziwa kale, ngati shatiyo unali msampha chabe. Sindinaone kanthu, anangokhala akundidikira, tepi ili pakhosi pake. Kulemba kuti ayi kunali kosavuta, ndipo panalibe wondifunsa kachiwiri. Ndinalemba mawu amodzi, "Ndine," ndipo pansi pake ndinawonjeza kuti, "Ndinaopa madzi."

Anawerenga nthawi yaitali kuposa kutalika kwa mawuwo. Kenako anandibwezera kapepalako m'manja, manambala a shati ali kuseri kwake, anakulunga tepi yake bwinobwino, anakhala pa makina n'kundifulatira. Ndinaima pang'ono, ndinatuluka.

Alamu anga anadzuka pabenchi.

"Mwamuuza?"

"Ndamuuza."

Anatambasula dzanja. "Ndione."

Ndinawapatsa kapepala kaja. Anavala magalasi, anawerenga funso la telala, anawerenga yankho langa, anatembenuza kuona kuseri. Anakapinda kawiri n'kundiikira okha m'thumba la malaya.

"Tiyeni, alamu," anatero. Funso lina sanandifunse.