Mlamu Wanga ndi TEMP Yake

Kompyuta itafika pa ofesi yathu ya za nsomba ku Feira, ine ndinali mesenjala. Sukulu ndinalekera panjira, koma maso sindinawasiye kumeneko. Mmisiri wa ku Lusaka akuilumikiza, ndinkaima kumbuyo kwake ndi tsache ngati ndikusesa. Pochoka anamata kapepala pakhoma: magetsi akathima, zimene munkalemba muzifune mu %TEMP%.

Wolemba pa makinawo anali mlamu wanga, mkazi wa mng'ono wanga. Tsiku lina jenereta inatsokomola n'kufa, iye akumaliza lipoti la asodzi a ku Kavalamanja. Bwana anati lipotilo likapanda kukwera galimoto ya masana, mpando wa mlamuyo pa ofesipo apatsa wina.

Magetsi atabwera, mlamu anatsegula foda yolembedwa TEMP pa C, nkhokwe yaikulu ya kompyutayo. Munalibe kanthu.

"Alamu, chokani apa ndi tsache lanulo," anatero, misozi ili lengelenge.

"Mlamu, mukufuna kulira kapena lipoti? Ndikakuuzani kuti amuna anu ali kudoko, mumapita kuti?"

"Kudoko, nanga kuti?"

"Doko liti? Madzi akadzaza timakocheza pamkuyu paja. Mu Okutobala timakocheza kumchenga, kutali uko. Dzina ndi lomwelo, malo amasuntha. Wanzeru amayamba wafunsa kuti lero doko lili pati. Tizizindikiro ta pasenti tiwiri ta pa kapepalapo tikuti ili ndi dzina chabe. Kumene likuloza, funsani makinawo."

"Ndiwafunse bwanji, aprofesa?"

Ndinamuuza atsegule pa sikirini malo akuda aja pamene mmisiri ankakonda kulemba, alembe SET. Zilembo zitatuzo ndinaziba ndi maso. Kunena zoona, theka ndinkadziwa, theka ndinkalota, koma nkhope ndinaiumitsa gwa.

Panatuluka mndandanda, dzina lililonse ndi malo ake. Chala changa chinatsika nawo mpaka pa TEMP=C:\WINDOWS\TEMP. Kani foda yeniyeni inali mkati mwa inzake, ija anatsegula poyamba inangofanana nayo dzina.

M'menemo munali kafaelo ka dzina lonyansa, manambala okhaokha. Atakatsegula, asodzi onse anali momwemo, kupatula tsamba lomaliza. Mlamu analilembanso zala zikuuluka, dalaivala akuliza huta panja.

Bwana atasaina, anamufunsa kuti walipeza bwanji.

"Ndinangoganiza bwino, bwana," anatero mlamu, osaphethira n'komwe.

Ndinamusiya. Mpandowo anakhalapo mpaka kupuma pantchito, ndipo nsomba yaikulu ikagwidwa kwawo, mutu unkabwera kwanga popanda wofunsa chifukwa.