Tachinya, Tathyola

Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi pamene ndinathyola mwendo wa munthu. Zimenezo sindinyadira ayi. Chimene ndimanyadira mpaka lero ndi zimene timu yathu inachita pambuyo pake.

Kunali kwathu kwa Dzoole, mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Tinkasewera ndi anyamata a kutsidya kwa dambo, pabwalo lafumbi kuseri kwa tchalitchi. Ine ndinkatchinga kumbuyo, ndipo ndisaname, ndinali ndi kankhanza. Mnyamata wina wa timu inayo, Lemani, anandipita kawiri, anthu n'kumandiseka. Kachitatu ndinalowa ndi mkwiyo, mpira osauyang'ana n'komwe. Kunangomveka kuti thyo! Lemani anagwa pansi akukuwa.

Lemani anabwerako kuchipatala cha ku Boma mwendo uli m'chikhakha. Patapita masiku awiri, bambo ake anafika kwa a Mbewe, okonza njinga amene ankatiphunzitsa mpira, ndipo tonse tinaitanidwa. Bambowo sanakalipe. Anangoti, "Nazale yanga ya fodya amathirira ndi Lemani, m'mawa ndi madzulo. Ine msana unandikana kalekale. Ikauma, chaka chino tidya chiyani? Ndiuzeni woti ndikamusumire, mwanayu kapena timu."

Anzanga sanachedwe. "Wathyola ndi uyu! Ife sitinamukhudze." Zala zonse zinaloza ine. M'maso ndinkangoona apolisi ndi mayi anga akulira.

A Mbewe anapukuta girisi m'manja mwawo mosafulumira, kenaka analoza mnzathu wina n'kutifunsa, "Sabata yatha Yohane atamwetsa chigoli, munkaimba chiyani pobwerera?"

"Tinkati tachinya," wina anayankha motsitsa mawu.

"Munachinya nonse? Mwendo si unali wa Yohane yekha? Ndiye chigoli ndi 'tachinya', koma fupa ndi 'wathyola'? Iyayi! Ine ndemwe ndakhala ndikumuona mwanayu akulowa moipa, osamuletsa, poti zinkatikomera." Anatembenukira kwa mlendoyo. "Tathyola, bambo. Tonse, kuyambira ineyo."

Zakukhoti zinathera pomwepo. Anzanga anagawana masiku, awiriawiri, kukathirira nazale tisanapite kusukulu ndiponso tikaweruka. Ine ndinalibe tsiku lopuma, ndipo mpira a Mbewe anandiletsa mpaka Lemani adzayende. Makheni othiririra anandituza manja, matope a kudimba kundiwaula zidendene. A Mbewe nawo ankatseka ntchito Loweruka n'kudzatunga nafe. Lemani ankakhala pachulu ndi ndodo zake, n'kumandigemula: "Iwe wothyolawe, ukuthirira fodya kapena ukusambitsa ng'ombe?" Tsiku limene ndinayamba kumuyankha, ndinadziwa kuti wandikhululukira.

Mvula itagwa mu Disembala tinakawokera tonse. Mbande zake zinali zonenepa moti zina zinatsala, bambo aja n'kugawirako anansi. Pobwerera tinadutsa pakati pa mudzi wawo, matope thupi lonse, tikuimba kuposa tsiku lililonse limene tinapambana. Abale, ndinadzimva kutalika tsiku limenelo!

Lero ndine mphunzitsi ku Ntchisi, ndipo timu ya pasukulu ili m'manja mwanga. Ndikamva anthu akutsutsana zoti wosewera akavulaza mnzake mlandu ndi wa yani, zamalamulo ndimasiyira eni ake. Chimene ndimadziwa n'chakuti Lemani amatsimphinabe kukazizira, ndipo mwendo umene unamupweteka ndi wangawu. Koma a Mbewe ndi anzanga sanandisiye ndekha. N'chifukwa chake mwana aliyense ndisanamuveke yunifolomu ndimayamba ndamufunsa ngati pakamwa pake, potha kuimba "tachinya", pangathenso kunena "tathyola".