Jenala ndi Chilole cha Asilikali

Mvula yomaliza ya mwezi wa Epulo inapeza mabelo a fodya a Jenala Nthanda ali m'mbali mwa msewu wafumbi, kumudzi kwawo cha ku Santhe. Anawatulutsa m'chigafa chifukwa mwini lole analonjeza kudzawanyamula m'mamawa. Koma dalaivala ataona matope a padambo, anangotembenuka n'kubwerera. Pofika madzulo fodya yense anali atanyowa, ndipo patangotha masiku ochepa anachita chuku.

Jenala anakhala pa belo lonyowa n'kulira. Mayeso a Folomu 4 anali atalephera kawiri, bambo ake anali atamwalira, ndipo fodya ameneyu ndiye ankati awadyetse iye ndi amayi ake chaka chonse.

Inu amene mukuwerenga, mwina munakhalapo pothina chonchi. Imvani zimene mtsikanayu anachita.

Kuseri kwa nyumba yawo kunali chilole chakale cha asilikali, chobiriwira, cha matayala ofika m'chiuno. Bambo ake anachigula pa okushoni ya katundu wotha ntchito, koma anadwala asanachikonze. Kwa zaka zisanu ndi ziwiri chinangokhala pansi pa mtengo wa mango, mbuzi zikubisala dzuwa kunsi kwake.

"Amayi, chilolechi anachipangira matope," anatero Jenala tsiku lina. "Chikanakhala chamoyo, fodya wathu sakanawola."

"Nanga achidzutse ndani, mwanangu? Iwe ngakhale sipanala sunaigwirepo."

"Ndiphunzira."

Atafunsafunsa, anamva za a Wyson Kalekeni, mkulu amene anali makaniko ku usilikali ndipo atapuma ntchito anakhazikika pa boma la Kasungu. Jenala anakwera matola kukawapeza. Mkuluyo anamva nkhani yonse, kenaka anamuonetsa manja awo, amene ankanjenjemera.

"Mwanawe, manja awa anatha ntchito. Ngakhale kapu ya tiyi imandivuta."

"Manja ndili nawo ine, bambo. Inu mungobwera ndi maso ndi makutu."

A Wyson anaseka mpaka kutsokomola. Loweruka lotsatira anafika ndi bokosi lawo lakale la zitsulo, ndipo kuyambira pamenepo sanaphonyepo Loweruka.

Anayamba ndi njira ya mafuta. Thanki inali itadzaza dzimbiri. Jenala anaimasula, anathiramo timiyala ndi palafini, ndipo iye ndi amayi ake anaigubuduza pabwalo masiku atatu mpaka m'kati munayera. Mapaipi otsekeka anawapopa ndi pampu ya njinga, ong'aluka anawasintha. A Wyson anamuuza kuti aikenso sefa yachiwiri, poti dizilo wa m'zigubu sasowa zinyalala. Pakati pa sabata Jenala ankagwira ganyu yosankha fodya kuesiteti kuti apeze zogulira zipangizo. Zala zinachekeka, zikhadabo zinada ndi girizi, anzake n'kumamutchula kuti "mai jenerali".

M'mwezi wa Ogasiti, atabwereka batire kuchigayo, injini inakhosomola kawiri, kenaka inalira. Chiutsi chakuda chinakuta mtengo wa mango, mbuzi zinabalalika, amayi a m'mudzi anayamba nthungululu.

Chimwemwe chinam'pitirira Jenala. Asanamve zimene a Wyson ankakuwa, anaponya giya. Chilole chinanyamuka bwinobwino, koma ataponda buleki, phazi linangolowa mpaka pansi. Chinayenda pang'onopang'ono, mopanda phuma, n'kukagwetsa chigafa cha amalume ake a Fumbani. Mwamwayi munalibe munthu.

Mudzi wonse unaseka sabata yathunthu. Jenala anachita manyazi mpaka anafuna kuitana ogula zitsulo kuti adzachiphwasule. Koma anapita kaye kukagwada kwa amalume ake kupepesa, ndipo anadula yekha milimo n'kumanganso chigafacho. A Fumbani ataona kuti chatsopanocho n'cholimba kuposa chakale, anati, "Mwanawe, ukadzafuna kugunda china, chigafa cha kumunda chijanso chatha."

Loweruka a Wyson anabwera monga mwa masiku onse.

"Cholakwa n'changa, ndinayambira kumchira," anatero. "Galimoto imayamba yaphunzira kuima, kuyenda kumabwera pambuyo."

Ntchito ya mabuleki inatenga miyezi inayi. Tayala limodzi linkafuna anthu atatu kuti alichotse. M'kati anapezamo zisa za mavu, malabala ofumbwa ndi nsapato za mabuleki zotheratu. Jenala anapita nazo ku Kasungu kukazimatitsa zatsopano, anasintha mapaipi onse, anakonzanso buleki ya pamanja. Akamanga molakwika, a Wyson ankangogogoda ndi ndodo yawo, iye n'kumasulanso.

Tsiku loyesa, anapakira matumba a mchenga. A Wyson analemba mzere pansi pamtsetse wotsikira kudambo, n'kuima pambali. Chilole chinatsika ndi liwiro, Jenala anaponda, ndipo chinaima mzere uli patsogolo. Mkuluyo anavula chipewa n'kuchiponya m'mwamba.

"Tsopano hita," anatero atatola chipewa chawo.

"Hita, bambo? Kuno ku Malawi?"

"Msilikali sasiya ntchito pakati. Udzandithokoza mu Juni."

Jenala anamvera, ngakhale mumtima ankaseka. Anapeza hita ya minibasi yakufa, analumikiza mapaipi a madzi otentha ochokera ku injini, mpaka mpweya wofunda unayamba kutuluka kumapazi. Kenaka anaphunzira malamulo a pamsewu, anatenga layisensi, ndipo chilole chitakayesedwa chinapatsidwa mapepala. Aka kanali koyamba kuti Jenala akhoze mayeso chilepherereni a Folomu 4 aja, ndipo amayi ake anavina pabwalo.

Msika wa fodya utatsegulidwa, chilole chinawoloka dambo ngati pamsewu wa tala, chitasenza mabelo a kalabu yonse ya alimi a m'mudzimo kupita kumsikawo ku Chinkhoma. Midzi yoyandikana nayo inayamba kumuitana: ena chimanga, ena njerwa, ena feteleza.

Juni atafika, amayi a bungwe la kumpingo anaitanitsa anapiye mazana atatu a tsiku limodzi. M'mawa wokawatenga ku Kasungu kunazizira koopsa, kuli chifunga ndi mphepo ya mwera. Amayiwo anada nkhawa, chifukwa anapiye otere sachedwa kufa ndi chisanu. Jenala anaika makatoni kutsogolo, ena pamiyendo pa a Wyson amene anamuperekeza, n'kuyatsa hita. Njira yonse anapiye ankangolira mosangalala, galasi lili mbee. Atafika, amayi a bungwe aja anatsegula makatoni, ndipo panalibe ngakhale mmodzi wakufa.

"Bambo, zikomo," anatero Jenala.

"Ine sindikumva, anapiyewa akusokosa. Bwerezanso," anayankha a Wyson, akumwetulira.

Lero Jenala ali ndi galaja yake pa Santhe. Alimi amabweretsa mathirakitala ndi malole, ndipo akamuona akutuluka kunsi kwa galimoto, girizi ali kumaso, amamupatsa moni ndi manja awiri.

Inunso musataye mtima, abale anga. Kulephera mayeso si kulephera moyo. Chimene simukuchidziwa, kafunseni kwa ochidziwa. Akakusekani, sekani nawo, ndipo kukacha mudzukenso mukagwire ntchito yanu.