Khomo Limene a Mphepo Sanalione

Mu ofesi monse ankawatchula a Mphepo, ndipo iwo ankavomera ngati dzina lobadwa nalo. Anali injiniya wa nyumba zosanjikizana. Kwa zaka makumi atatu ntchito yawo inali imodzi: kuwerengetsa msana wa nyumba, makoma anayi a konkire aja amazungulira chikepe chokweza anthu ndi masitepe kuchokera pansi mpaka padenga. Mizati imasenza kulemera, koma mphepo ikamakankha nyumba cham'mbali, wolimbana nayo ndi msanawu. Zimenezi ankafotokozera aliyense, wofuna ndi wosafuna yemwe. Ngakhale mayi wosesa mu ofesimo ankadziwa kuti mphepo imakula mphamvu ukamakwera m'mwamba.

Anali munthu wovuta, tisabise. Wojambula mapulani akabwera ndi nzeru zoti aboole zenera pamsanapo, iwo ankamuyang'anira pamwamba pa magalasi n'kumufunsa, "Kodi bambo, msana wanuwo tingaubooleko?" Anthu ankang'ung'udza, koma ankawakhulupirira. Pepala likakhala ndi siginecha ya a Mphepo, foromani ankathira konkire mtima uli m'malo.

Mwana wawo wachisamba, wamkazi, anatsata mapazi awo mpaka kudzakhala pa desiki yoyandikana ndi yawo. Kumunyadira ankamunyadira, koma pakamwa pawo chiyamikiro chinkatuluka movutikira ngati dzino lachibwano.

Lachinayi lina m'mawa mwanayo anatseka chitseko n'kuyala mapulani awiri patebulo pawo. Onse anali a nyumba yansanjika khumi ndi zinayi imene inkamangidwa.

"Bambo, taonani apa," anatero motsitsa mawu.

Pa pulani yakale, khoma la msana pansanjika yapansi linali lathunthu. Pa yatsopano panali khomo lolowera m'kachipinda ka magetsi, lojambulidwa ndi timizere topyapyala. Masamu a a Mphepo anali a khoma lathunthu. Komatu pansipo ndi pamene mphamvu yonse ya mphepo imadzathera, ndipo zitsulo zimene analamula sizikanakwanira m'mbali mwa khomolo. Magalimoto a konkire yothira pakhomalo ankayembekezeka masana omwewo.

A Mphepo anavula magalasi, nabweretsa pepala pafupi ndi mphuno. Kalanga ine, khomo linalipodi! Pepala lomweli linali litakhalapo kale patebulo pawo masabata atatu.

Zoona zake n'zakuti maso awo anayamba kuchita nkhungu zaka ziwiri zapitazo. Sanauze munthu, ngakhale mayi a kunyumba. Ankangokalipira makina osindikizira kuti masiku ano akulemba mosaoneka. Ankaopa kuti zikadziwika awauza mwaulemu kuti akapume, ndiye munthu amene moyo wake wonse wakhala akulimbana ndi mphepo azikatani pakhonde tsiku lonse?

"Ndikonza mwakachetechete," anatero mwanayo. "Ndiwauza kuti ndinasokoneza mapepala ndine. Ine ndi watsopano, angondikalipira basi."

Abale, mwana wamtima wotere! A Mphepo anamuyang'ana. Zinali zotheka ndithu. Dzina lawo likanatsala loyera, ndipo mawa akanabweranso kudzakhala pampando womwewo. Anaika chala pakhomo lija papulanipo. Kenaka anatenga foni n'kuimbira foromani.

"Imitsani konkire. Musathire ngakhale fosholo imodzi. Zitsulo za msana zachepa pansipo." Anamvetsera pang'ono, foromani akulalata za magalimoto. "Ayi, si mwanayu. Ndalakwitsa ndine. Khomo sindinalione. Muwauze choncho eni nyumbayi, mawu omwewo."

Anaika foni pansi. Mwanayo anayamba kupinda mapulani, misozi ili lengelenge, poganiza kuti nkhani yathera pomwepo. Koma iwo anadzuka n'kupita pa kabati yachitsulo yapakona. Anapapasa m'menemo natulutsa mpukutu wina wafumbi. Unali wa nyumba yansanjika khumi imene inatha chaka chatha. Tsopano munali mabanja, ndipo podutsa m'mawa ankaona matewera atayanikidwa pakhonde lapamwamba penipeni.

Anauyala patebulo, nakokera mpando wawo kwa mwanayo.

"Iyinso ndinaiwerengetsa ndi maso omwewa," anatero. "Khalani apa, a injiniya. Muziwerenga mokweza khoma ndi khoma, ine ndizimvetsera."