Zala Ziwiri M'makina a Khofi

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi amalume, omwe anali mlonda pa fakitale ina yaing'ono yosendera khofi kumunsi kwa nkhalango ya Mughese. Anandilemba kontrakiti ya nyengo imodzi yokolola, n'kundiika pa makina osenda. Tinkathira khofi wakupsa pamwamba, kutsegula madzi, wina n'kumapukusa chogwirira. Njere zinkatsikira m'thanki yovunditsira, kenaka tinkazitsuka m'ngalande n'kuziyanika pa mathebulo a waya.

Nyengo itatha, palibe anandiuza kuti ndileke. Ndinafunsa kapitawo wathu, Bambo Chimwaza, munthu wa ku Mulanje. "Iwe gwira ntchito," anatero, "zamapepala n'za ku ofesi." Ine ndinangovomera kuti yewo. Ndinadulira mitengo, kupopera mankhwala, kudzaza machubu ku nazale. Dzina langa ankaliitana m'mawa uliwonse, malipiro ndinkalandira. Zokolola zina ziwiri zinandipeza pomwepo.

Tsiku lina makina anatsamwa ndi kamwala, alimi ali pamzere ndi madengu awo. "Pisa dzanja uchotse, tachedwa!" anakalipa a Chimwaza. Ndinapisa. Mnzanga wopukusa sanamve kuti adikire. Zala ziwiri zinatsalira mkatimo. Anathira ndowa ya madzi kutsuka magaziwo, ntchito n'kupitirira ine ndisanakwere n'komwe galimoto yopita kuchipatala ku Boma.

Nditatuluka m'chipatala ndinapita ku ofesi kukafunsa za chipepeso, dzanja lili m'bandeji. Bwana wamkulu sanandipatse ngakhale mpando. "Kontrakiti yanu inatha kalekale, achimwene. Munkangobwera nokha. Kwa ife ndinu waganyu." A Chimwaza anali pakhomo, akudya nthochi, osandiyang'ana.

Ndinanena kuti ndikadandaula ku Boma. Mawa lake wapampando wa chipani anafika kwa amalume. "Mphwanuyu akufuna kusokoneza chitukuko? Mumuuze, wogalukira timadziwa kokamusiya." Amalume anali ndi ana asanu ndi kaulonda komweko. Zokadandaula zija ndinazisiya.

Patapita zaka, mkulu wina wa ku Lufita amene anagwirapo ntchito kukhoti anandiuza kuti munthu akapitiriza ntchito kontrakiti itatha, abwana n'kumamutuma ndi kumulipira, ndi wantchito wawo ndithu, sangamukane. Ndiye kuti abwana aja ankadziwa, anangoona kuti ine sindidziwa.

Kuyambira pamenepo, kulikonse ndagwira ntchito, tsiku lotha kontrakiti ndimafunsa kuti ndine ndani pamalopo ndikadali wathunthu. Ukavulala, amakuyankha zina.